Voliyumu ya pa kompyuta: mukwezere pati, mutsitsire pati kuti mawu asawonongeke?

Nyimbo zambiri zimene timamva pagulu ku Zomba kuno masiku ano zimachokera mu laputopu. Pa ukwati ku Matawale, pa chinkhoswe ku Chinamwali, pa mapemphero a usiku, ngakhale pa zochitika za ophunzira ku Chanco, mupeza kathebulo pambali, laputopu pamwamba, ndi kawaya kochoka pabowo la mahedifoni kupita ku mikisa. Anyamata ogwira ntchito imeneyi sagwirizana pa nkhani ya voliyumu. Ena amati ya pa kompyuta izikhala pa 100 nthawi zonse, chifukwa ukaitsitsa nyimbo imatha kukoma. Ena amaiika pansi kwambiri, pa 10 kapena 15, n'kumakwezera ku ampu, poopa kuwotcha masipika a eni ake. Palinso ena amene akamva a MC akuti "Achimwene a DJ, tikwezereniko pang'ono," amakankha voliyumu ya VLC, pulogalamu yoseweretsa nyimbo, mpaka kudutsa 100.

Ine ndimaona kuti oyambawo ali pafupi ndi zoona, ngakhale chifukwa chimene amapereka kawirikawiri si chimene chimawononga mawu kwenikweni. Kuti zimveke bwino, tilowe kaye m'kati mwa kompyutamo.

Nyimbo imene ili mu fulashi kapena mu laputopu ndi mndandanda wa manambala. Pojambula, makina amayeza mphamvu ya mawu kambirimbiri pa sekondi iliyonse, n'kulemba nambala imodzi pa kuyeza kulikonse. Pa CD, imene Sony ndi Philips anaitulutsa mu 1982, amayeza ka 44,100 pa sekondi, ndipo nambala iliyonse imalembedwa ndi ma bit 16 (bit ndi kamalo kamene kompyuta imalembamo 0 kapena 1). Ma bit 16 amapereka masitepe 65,536, kuyambira -32,768 mpaka 32,767. Nambala yodutsa pamenepo singalembedwe, ndipo nambala ya pakati pa masitepe awiri singalembedwenso. Mfundo ziwirizi ndiye phata la nkhani yonse.

Ntchito ya sound card ndi kusandutsa manambala amenewa kukhala magetsi okwera ndi kutsika, omwe pamapeto pake amagwedeza sipika. Pa malaputopu ambiri, sound card ndi ka chip kakang'ono komatidwa pa motherboard, nthawi zambiri ka kampani ya Realtek. Gawo limene limachita kusandutsako limatchedwa DAC. Choncho pali mbali ziwiri: mawu asanafike pa DAC ndi manambala, akadutsa pa DAC ndi magetsi. Voliyumu ya mu VLC, ya pa YouTube kapena ya mu VirtualDJ imagwira ntchito ku mbali ya manambala. Knob ya pa ampu kapena pa masipika imagwira ntchito ku mbali ya magetsi.

Mukatsitsa voliyumu mu pulogalamu, kompyuta imangochita masamu. Imatenga nambala iliyonse n'kuichepetsa. Mukatsitsa mpaka mphamvu ya magetsi ikhale theka, 20,000 amakhala 10,000, ndipo 600 amakhala 300. Vuto limabwera pa 7, amene ayenera kukhala 3.5, pomwe sitepe ya 3.5 kulibe. Kompyuta imasankha 3 kapena 4, ndipo kachidutswa kotsalako katayika. Zili ngati kumsika wa Zomba mtengo ukathera pa matambala: palibe wokhala ndi chenje, ndiye mumangomalizitsa pa kwacha yathunthu. Pa katundu wa K50,000 palibe angadandaule za matambala 50, koma pa kanthu ka K5 ndi gawo lalikulu ndithu. Ndi mmenenso zilili ndi mawu. Pamene ng'oma zikulira mwamphamvu kutayikako sikumveka, koma pamene nyimbo ikuzimirira, kapena pamene woyimba akunong'ona, m'pamene mawu amayamba kumveka okhakhala.

Mphamvu ya mawu amaiyeza mu ma decibel, olembedwa mwachidule dB. Bit imodzi ndi pafupifupi 6 dB, ndiye ma bit 16 amapereka mtunda wa 96 dB pakati pa mawu okwera kwambiri ndi otsika kwambiri. Mukatsitsa ndi 6 dB mwataya bit imodzi. Mukatsitsa ndi 24 dB mwataya ma bit 4, ndipo nyimbo ija yatsala ndi masitepe 4,096 okha mwa 65,536 aja. Mukafika pa 48 dB mwatsala ndi masitepe 256. Apa m'pamene panachokera chiphunzitso chakuti voliyumu ya pa kompyuta isatsike pa 100, ndipo m'masiku a Windows XP, pamene ma sound card ambiri ankalandira ma bit 16 okha, chinali ndi maziko.

Zinthu zinasintha. Kuyambira pa Windows Vista, imene inafika kwa anthu mu 2007, masamu a mawu amachitika mu 32-bit float, kalembedwe ka manambala kamene kamasunga tizidutswa tija m'malo motitaya. Kumalizitsa kumachitika kamodzi kokha, mawu akamatuluka kupita ku DAC. Ngati sound card yanu yaikidwa pa 24 bit, ili ndi masitepe 16,777,216, kutanthauza ma bit 8 apadera pamwamba pa a CD aja. Mungathe kutsitsa ndi 48 dB nambala za nyimboyo zisanayambe kuduka. Kuziika n'kosavuta: tsegulani Sound mu Control Panel, sankhani masipika anu, pitani pa Properties, kenaka Advanced, ndipo pa Default Format sankhani 24 bit, kaya 44100 Hz kaya 48000 Hz. Ngati pamenepo mukungooneka 16 bit, ndiye kuti chipangizocho m'pomwe chimathera. Tima sound card ta USB totchipa kwambiri tambiri ndi totero. Ngakhale zili choncho, mapulogalamu abwino amathira kaphokoso kochepetsetsa kotchedwa dither asanamalizitse manambala, ndipo kukhakhala kuja kumasanduka kamphepo kosalala komwe khutu silikasamala.

Ndinenepo apa kuti kuika 24 bit sikukonza nyimbo yoipa kale. MP3 ya 128 kbps imene munakopetsa ku burning centre, kapena imene yadutsa m'manja ambiri ikusinthidwasinthidwa, idzakhala momwemo. Phindu la 24 bit ndi lakuti kompyuta isawonjezere chilema chake pa zimene yalandira.

Nanga ngati masamu sakuvutanso kwenikweni, n'chifukwa chiyani mawu amaipabe laputopu ikatsitsidwa kwambiri? Yankho lili ku mbali ya magetsi.

Chipangizo chilichonse cha magetsi chili ndi phokoso lakelake. Sound card ili nalo, waya amatola lina m'njira, mikisa ndi ampu nazo zimawonjezera. Phokoso limeneli silitsatira voliyumu ya mu pulogalamu, limangokhala pomwe lili. Tiyerekeze kuti phokoso lonse lotuluka pabowo la laputopu yanu lili 90 dB pansi pa mawu okwera kwambiri amene ingatulutse. Mtunda umenewo ndi waukulu, simungalimve. Tsopano mwatsitsa voliyumu ya VLC ndi 30 dB. Nyimbo yatsika, phokoso silinatsike, ndipo mtunda watsala 60 dB. Anthu mu holo akudandaula kuti sakumva, ndiye mwakweza ampu ndi 30 dB. Ampu sisankha. Imakweza nyimbo pamodzi ndi phokoso lomwe. Mawu abwerera pa mlingo wakale, koma tsopano abwera ndi kamphepo ka "sssss" kamene poyamba kanali kobisika. Ndiye chifukwa chake ngakhale 24 bit, imene pa pepala imafika 144 dB, sifika pamenepo m'moyo weniweni. Ma DAC apamwamba amathera cha m'ma 120 dB, ndipo a mu laputopu wamba amachepera pamenepo.

Mungadziyesere nokha holo isanadzaze. Imitsani nyimbo, ikani ampu pamene mumaiika laputopu ikakhala pa 15, ndipo yandikitsani khutu pa sipika. Mumva kamphepo kaja. Pa malaputopu ena mumvanso timawu tating'ono tolira mukamasuntha mouse kapena hard disk ikamagwira ntchito, chifukwa sound card ili pafupi ndi zipangizo zina zonse pa bolodi limodzi. Kenaka zulani tchaja. Ngati kung'ung'udza kwina kwazimiratu nthawi yomweyo, ndiye kuti phokosolo limalowera ku magetsi. Magetsi a kuno kwathu ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti amagunda ka 50 pa sekondi, ndipo kung'ung'udza kwa pansipansi kuja ndi kugunda komweko pamodzi ndi ana ake a 100 ndi 150 Hz. Kawirikawiri kumabwera laputopu ndi ampu zikalumikizidwa ku masoketi osiyana, magetsi ochepa n'kumayenda kudzera mu waya wa mawu. Pa jenereta zimanyanya. Tsopano kwezani laputopu mpaka 90, tsitsani ampu kuti nyimbo imveke pa mlingo womwe uja, imitsaninso nyimbo, mumvetsere. Phokoso lija latsika, pomwe simunagule kanthu.

Ngati kung'ung'udza kukupitirirabe, lumikizani zonse pa soketi imodzi, kapena pezani DI box kaya ground loop isolator, timabokosi toika pakati pa laputopu ndi mikisa kuti titseke phokosoli. Chimene sindingavomereze ndi kuthyola kapena kumasula mwendo wa earth pa pulagi, monga ena amachitira. Phokoso limathadi, koma tsiku limene waya adzakhudze chitsulo cha ampu, magetsi adzadutsa mwa munthu amene wagwira maiki.

Tsopano tifunse chifukwa chimene anthu ambiri amatsitsira laputopu mpaka pansi. Si kusadziwa chabe. Ambiri anayesapo kuikweza, mawu n'kusweka, ndiye anaphunzirapo kuti kukweza n'koipa. Koma mukayang'ana kumbuyo kwa mikisa mupeza kuti waya uja walowa pabowo la maiki. Maiki imatulutsa magetsi ochepa zedi, ma millivolt owerengeka, ndipo bowo lake linapangidwa kuti lizikweza timagetsi timeneto kambirimbiri. Laputopu ikakwezedwa imatulutsa pafupifupi volt imodzi, mphamvu yoposa ya maiki maulendo mazana. Bowo la maiki limakhuta nthawi yomweyo, kagetsi kofiira kolembedwa PEAK kapena CLIP kamayaka osazima, ndipo mawu amasweka asanafike n'komwe pa fader, kokankhira voliyumu ka pa mikisa. Kutsitsa fader sikuthandiza, chifukwa kuswekako kwachitika kale pakhomo. Munthu amathawira ku laputopu, n'kuitsitsa mpaka 8, ndipo wagwera m'vuto la phokoso lija.

Mankhwala ake ndi kusamutsa waya. Gwiritsani ntchito mabowo olembedwa LINE, kapena channel ya stereo, kapena awiri aja ofiira ndi oyera olembedwa TAPE IN kaya 2-TRACK. Ngati palibiretu kwina, tsitsani GAIN, knob yokweza mawu pakhomo, mpaka pansi ndipo dinani PAD, batani lofooketsa mawu olowa, ngati ilipo. Bowo la maiki lili ndi ngozi inanso: likayatsidwa phantom power, magetsi opatsa mphamvu maiki ena, limatumiza ma volt 48 kubwerera mu waya, ndipo zimenezi zingathe kupha sound card ya laputopu. Samalaninso ndi waya amene ali ndi jack yaing'ono ya stereo mbali imodzi ndi jack yaikulu imodzi ya stereo mbali inayo. Mukamulowetsa pabowo limodzi la balanced, lopangidwira mawu a mbali imodzi yokha, mikisa imachotsera mbali ya kumanja ku ya kumanzere, ndipo chilichonse chimene chili pakati chimazimirira. Zotsatira zake, zing'wenyeng'wenye zikumveka koma mawu a woyimba ali kutali ngati ali m'chipinda china, besi nayo yathawa. Ambiri zikatere amalimbana ndi voliyumu usiku wonse. Pamafunika waya wogawika pawiri, L payekha, R payekha.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi ya amene amadutsa 100. VLC imalola kufika 125, ngakhalenso 200, ndipo pa Ubuntu palinso pololeza kupitirira 100. Kumbukirani kuti nambala yodutsa 32,767 singalembedwe. Malire amenewa amatchedwa 0 dBFS, ndipo pa 24 bit aliponso chimodzimodzi, masitepe okha ndiwo amachuluka. Nsonga za mawu zikafuna kudutsa pamenepo zimadulidwa, kapena Windows imazipsinja mwadzidzidzi kuti zikwane. Kudulidwa kumeneku ndi kumene amati clipping, ndipo kumamveka ngati kuthetheka pa ng'oma ndi kusasa pa mawu a munthu. Kuipa kwake sikuthera m'khutu. Mawu odulidwa amabala timawu tina tosongoka timene munalibe m'nyimbo, ndipo tonseto timathamangira ku tweeter, kasipika kakang'ono ka mawu a pamwamba. Ma tweeter ambiri amene amapsa pa zisangalalo amafa ndi mawu osweka oseweredwa kwa nthawi yaitali. Timasipika ta m'kati mwa laputopu natonso timang'ambika motero.

Kudutsa 100 kuli ndi malo ake ochepa. Ulaliki wojambulidwa ndi foni patali, kapena filimu imene anthu amayankhula motsitsa, zimakhala ndi mpata wambiri pansi pa malire, ndipo kuzikweza sikudula kanthu. Nyimbo zamakono n'zosiyana. Ambiri opanga nyimbo amazikankha mpaka kugunda malire enieniwo kuti zimveke zamphamvu pa wailesi ndi pa foni, ndiye mpata palibe ngakhale pang'ono. Pa nyimbo zoterezi ngakhale equalizer, yokwezera besi kapena mawu ena paokha, ndi yokwanira kuswa mawu voliyumu ili pa 100. Mukakweza besi ndi 8 dB mu pulogalamu, mwawonjezera 8 dB pa manambala amene anali atadzaza kale. Mu equalizer ya VLC muli kamzere kolembedwa Preamp. Mukakweza besi, katsitseni ndi mlingo womwewo. Pa chifukwa chomwechi, ine ndimakonda kuti pulogalamu yoseweretsa nyimbo ikhale pansi pang'ono pa 100, cha m'ma 90 kapena 95. Chimene mumataya pamenepo n'chochepa moti simungachimve, koma mumasiyira nsonga zija popumira.

Chosokoneza china n'chakuti ma voliyumu ndi ambiri ndipo amatsatizana. Pali ya pa YouTube, pali ya Chrome mu Volume Mixer, pali yaikulu ya Windows pakona paja, kenaka GAIN, fader ya channel, fader yaikulu, ndi ampu. Kutsitsa kulikonse kumaphatikizana ndi kunzake, ndipo umodzi wokha ukaiwalika pansi, ena onse amakakamizika kukwera mopitirira. Manambala a pa kamzere asakupusitseninso. Windows ikamati 50 sizitanthauza kuti magetsi ali theka ndendende, chifukwa kamzereko anakakonza motsatira mmene khutu limamvera. Komanso pa ma sound card ambiri, voliyumu yaikulu ya Windows imalamula chip yeniyeniyo, pomwe ya mu pulogalamu imangochita masamu. Ndiye ngati mukufunikadi kutsitsa pa kompyuta, tsitsirani pa yaikuluyo.

Pokonza zida, yambani ndi nyimbo yaphokoso kwambiri imene muli nayo. Ampu ikhale pansi. Pulogalamu pa 90 mpaka 100, Windows pa 80 mpaka 100. Fader ya channel iikeni pa 0, pena pamalembedwa U, ndipo kwezani GAIN pang'onopang'ono mpaka timagetsi tobiriwira tizivina kufika pa 0, kofiira kosayaka. Mukatero m'pamene mukweze ampu mpaka holo ikwane. Kuchokera apo, a MC akapempha kukweza kapena kutsitsa nthawi ya perekaniperekani, dzanja lipite pa fader, laputopu isakhudzidwenso. Mikisa ikafika pofiira koma anthu akumbuyo sakumvabe, ndiye kuti masipika achepa pa malowo, ndipo palibe voliyumu ya pa kompyuta imene ingasinthe zimenezo.

Muyang'anenso zinthu ziwiri mu Sound muja. Pa Enhancements pamakhala Loudness Equalization ndi Bass Boost. Yoyambayo imakweza malo otsika n'kupsinja okwera, moti nyimbo ya kwaya imene iyenera kuyamba mofatsa n'kukwera imangokhala pa mlingo umodzi. Zizimitseni. Pa Communications, Windows imabwera itaikidwa kuti izitsitsa mawu ena ndi 80% ikaona ngati mukuyimba foni. Mukasiya pulogalamu yoyimbira foni yotsegula, nyimbo ingagwe mwadzidzidzi pakati pa mwambo. Sankhani Do nothing.

Pali chimodzi chimene sound card imanamiziridwa. Anthu amati akatsitsa voliyumu besi imathawa, ndiye kuti kompyuta yadula china chake. Limeneli ndi khalidwe la khutu. Harvey Fletcher ndi Wilden Munson anaonetsa mu 1933 kuti mawu akatsika, khutu limasiya kumva bwino a pansi kwambiri ndi a pamwamba kwambiri, n'kutsala ndi apakati. Ndiye chilichonse chokwera pang'ono chimamveka chokoma kuposa chinzake. Mukafuna kuyerekeza makonzedwe awiri, onetsetsani kuti akumveka pa mlingo wofanana, apo ayi mudzangosankha wokwerawo.

Sikuti nthawi zonse laputopu iyenera kukhala pamwamba. Mukalowetsa mahedifoni mwachindunji, voliyumu ya Windows ndi yokhayo imene muli nayo, ndipo itsitseni mopanda mantha. Makutu ndi ofunika kuposa ma bit: bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata pa mlingo wa 80 dB. Timasipika ta pa desiki totchipa natonso tili ndi chilema chake. Knob yake ikakhala pansi kwenikweni, mbali imodzi imamveka kuposa inzake, chifukwa tinjira tiwiri ta m'kati mwake sitifanana kumayambiriro. Zikatero tsitsani Windows cha m'ma 60 kapena 70 kuti knob ikwereko kufika pamene mbali zonse zikufanana.

Kwa amene amajambula mawu m'tizipinda ta ku Chikanda ndi kwina, kaya ndi Audacity kaya FL Studio, nkhani ndi yomweyi koma yoyenda chobwerera. Mawu amayamba ngati magetsi, kenaka n'kukhala manambala. Mukajambula motsika kwambiri n'kudzakweza pambuyo mu pulogalamu, mumakweza ndi phokoso lomwe. Microphone Boost ya Windows, ija ya +10, +20 ndi +30 dB, imakweza mawu pamodzi ndi kamphepo ka bowo la laputopu, ndipo pa +30 kamamveka poyera. Kuyandikitsa maiki kukamwa kumathandiza kuposa kuwonjezera boost, ndipo audio interface ya USB, imene ndi sound card ya panja, monga za Behringer kapena Focusrite, imachotsa ntchito yonseyo m'kati mwa laputopu mmene muli phokoso. Mukajambula mokweza kwambiri, nsonga zimadulidwa pakhomo pomwe, ndipo kutsitsa pambuyo kumangopereka mawu osweka otsika. Musanadine Record, pemphani woyimba ayambe wayimba pamalo pamene amakuwa kwambiri, ndipo konzani gain kuti mita ifike pakati pa -12 ndi -6 dB. Pa 24 bit mpata wotsalawo sukuwonongerani kanthu, ndipo mudzaufuna woyimbayo akadzatenthedwa n'kukweza mawu kuposa mmene anachitira poyeserera.